Peni ya inki ikamadukiza kapena kukana kuyamba: poyambira ndi pomalizira

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri amene angoyamba kulembera peni ya inki (fountain pen) ndi ichi: mwavula chivindikiro, mwaika nibu (kachitsulo kolembera ka kunsonga) papepala, koma chilembo choyamba sichikutuluka. Mukakhwatchakhwatcha pambali inki ikubwera, mulemba mizere iwiri bwinobwino, kenako pakati pa liwu mzere ukuduka. Mawa lake zomwezo. Zimachitika kwambiri ndi mapeni otsika mtengo a ku China monga Jinhao x450, x750 ndi 82, Hero 616 kapena Wing Sung 3008, ngakhale kuti Pilot Kakuno ndi Lamy Safari nazo zimatha kuchita chimodzimodzi. Ambiri akafika apa amathamangira zinthu ziwiri: kudinikiza peni mwamphamvu monga tinazolowera ndi bolopeni, kapena kupala nibu pa sandipepala poti anaona wina akutero pa YouTube. Zonse ziwirizi zimapha peni imene mwina inkangofuna kutsukidwa basi.

Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi zinthu zimene mungathe kuzibweza mwakale, nibu muikhudze pomaliza, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukatsuka peni, kusintha inki ndi kupinda nibu zonse tsiku limodzi, peniyo ikayamba kulemba simudziwa chimene chachiza, ndipo vuto likadzabweranso mudzayambiranso kufufuza mwachimbulimbuli.

Mkati mwa peni ya inki mulibe chokankha inki. Inki imayenda yokha m'timipata ting'onoting'ono. Imachoka mu katiriji (kabotolo kapulasitiki kogula kali kale ndi inki) kapena mu converter (kapampu kokokera inki kuchokera m'botolo), n'kudutsa m'kangalande kopyapyala ka feed, kapulasitiki kakuda ka timizeremizere kamene kali kunsi kwa nibu, kenako n'kutsika mu mng'alu wa pakati pa nibu mpaka kunsonga. Pepala likakhudza nsongayo limakoka inki. Koma dontho lililonse lotuluka liyenera kusinthana ndi mpweya wolowa. Amene anatsanulapo madzi m'chigubu cha pakamwa pang'ono amadziwa mmene madzi amadukizira podikira kuti mpweya ulowe. Mu peni n'chimodzimodzi, kungoti timipata take n'tochepetsetsa moti kamafuta pang'ono kapena kachitsotso kamodzi kakwanira kutseka njira.

Musanachite chilichonse, yang'anitsitsani nthawi imene vutolo limabwera, chifukwa nthawiyo ndiyo imaloza kumene kuli matenda. Ngati peni imangovuta m'mawa itagona usiku wonse, koma ikayamba imalemba tsiku lonse, kayikirani chivindikiro. Ngati imayamba bwino koma inki imanka nichepa mpaka kuuma mukafika theka la tsamba, njira ya inki kapena ya mpweya yatsekeka penapake. Ngati imadumpha chilembo choyamba nthawi iliyonse mukaima pang'ono kuganiza, mwina ndi nsonga ya nibu. Ngati imadukiza m'munsi mwa tsamba mokha, peni ilibe mlandu.

Kutsuka

Peni yatsopano imabwera ndi timafuta ta ku fakitale totsalira pa feed ndi mkati mwa converter. Mafuta ndi inki sizigwirizana, chifukwa mbali yaikulu ya inki ndi madzi. Ndiye peni iliyonse yatsopano, makamaka yotsika mtengo, itsukeni musanaithire inki. Thirani madzi ozizira kapena ofunda pang'ono m'kapu, mudonthezemo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale. Viikani nibu yonse mpaka pogwirira, ndipo muzipota converter kuti izikoka madziwo ndi kuwatulutsa kambirimbiri. Kenako chitani chimodzimodzi ndi madzi oyera mpaka thovu lithe. Imikani peniyo m'kapu youma, nibu itayang'ana pansi pa tishu wopindapinda, igone choncho usiku wonse kuti tishuyo akoke madzi otsala. Mukaona kabuluu kakutuluka mu Lamy yatsopano musadabwe: kampaniyo imayesa mapeni ake ndi inki asanachoke ku fakitale.

Peni imene inki inaumiramo imafuna kuleza mtima. Chotsani thunthu ndi converter, muviike pogwirira pamodzi ndi nibu m'madzi usiku wonse, mawa musinthe madzi. Ikakanabe, sakanizani gawo limodzi la amoniya wa m'nyumba ndi magawo 10 a madzi, mutsukire, kenako mutsukuluze bwino. Amoniya asakhudze mbali za aluminiyamu. Ngati madzi a pa mjigo wa kwanu ndi amchere, potsukuluza pomaliza gwiritsani ntchito madzi a m'botolo.

Pa Jinhao zambiri nibu ndi feed zimangosomekedwa, zilibe guluu. Dulani kachidutswa ka chubu cha njinga, mugwirire nako nibu ndi feed pamodzi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukoka molunjika osapotokola. Zikatuluka, tsukani feed ndi mswachi wofewa ndi sopo, makamaka kangalande ka pamwamba kaja. Pobwezera yang'anani m'bowo: nthawi zambiri muli mbali imodzi yophwatalala, ndipo feed imalowa njira imodzi yokha. Ikamalimba, mwaitembenuza; musaikakamize. Hero 616 ndi ina. Inatengera Parker 51 ya mu 1941, nibu yake ndi yobisika, ndipo kuyesa kuimasula kumathera pa kuthyola pulasitiki. Imeneyo ingoiviikani m'madzi n'kumafinya kathumba kake ka inki mobwerezabwereza. Pothira inkinso, mukafinya dikirani masekondi angapo nibu ili m'botolo musanafinyenso. Ambiri amafinya kamodzi n'kuzula, kathumba n'kutenga madontho ochepa okha, kenako n'kumati peni ikuuma msanga.

Madzi otentha, sipiliti, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndi bulichi zisayandikire peni. Madzi otentha amapinda feed, sipiliti ndi mankhwala a zikhadabo zimang'ambitsa kapena kusungunula pulasitiki, bulichi amadya chitsulo cha nibu.

Inki yake ndi iti?

M'mashopu ogulitsa zolembera, botolo la inki limene limapezeka msanga nthawi zambiri ndi la inki ya chidindo. Imeneyo si ya peni. Inki ya printer nayo ayi, ndiponso India ink ya ojambula, imene imakhala ndi shellac, utomoni umene ukauma mkati mwa feed madzi sausungunulanso. Botolo likhale lolembedwa kuti ndi la fountain pen.

Ngakhale inki zoyenerazo zimasiyana kayendedwe. Pelikan 4001 imadziwika kuti imatuluka mouma, ndipo ndi yabwino pa peni imene imataya inki yambiri kapena pa pepala la kope wamba limene limamwa kwambiri. Koma mu peni youma kale imawonjezera vuto. Waterman Serenity Blue ndi inki za Pilot zimayenda mosavuta. Parker Quink, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1931, ndi yosavuta kutsuka. Khalani ndi botolo limodzi la inki imene mumaidziwa bwino khalidwe lake, loyesera peni iliyonse yovuta. Ikalemba ndi imeneyo koma n'kukana ina, mwapeza yankho popanda kukhudza nibu. Inki zonyezimira zokhala ndi tinthu tonga golide zimakongola, koma mu nibu yopyapyala zimatseka njira.

Makatiriji amene akhalitsa m'shopu amaphwera madzi kudzera m'pulasitiki momwemo. Mukaona katiriji yosatsegula koma inki ili theka, dziwani kuti yotsalayo yakhuthala. Ibooleni, muonjezeremo madzi oyera ndi sirinji mpaka pamene inki inkayenera kulekezera. Ndipo katiriji ikhale ya peni yake. Pilot, Platinum, Lamy ndi Parker aliyense ali ndi mtundu wake. Mapeni ena ambiri amalandira katiriji yotchedwa international, yaifupi ya mamilimita 38. Makatiriji a ku China ali ndi pakamwa pa mitundu iwiri, pa mamilimita 2.6 ndi pa 3.4. Katiriji yolakwika imatha kuoneka ngati yalowa, chonsecho ikulowetsa mpweya m'mbali kapena sinabooke bwino.

Pali kachinyengo kamodzi ka converter kamene kamasokoneza anthu ambiri. Gwirani peni nibu itayang'ana pansi, mumasule thunthu, muyang'ane converter powala. Nthawi zina muona inki yakakamira kumwamba, pansi pake pali mpweya, ndipo feed ikulandira mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake ma converter ena amakhala ndi kampira kapena kasipuling'i mkati, koti kazigwedeza inki. Kuitsuka ndi sopo kumachepetsa vutoli. Kuti mutsimikize, potani converter pang'ono mpaka kadontho kaoneke pa feed. Peni ikalemba bwino tsamba limodzi kenako n'kuumanso, vuto lili kumtunda kuno, nibu ilibe chifukwa. Ena amagunditsa nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano pa sopo wamadzi n'kuiviika mu inki ya mu converter kuti iziyenda msanga. Zimathandiza, koma muchite mu converter mokha, osati m'botolo, chifukwa sopo akachuluka inki imayamba kumwazika papepala ndipo botolo lonse laonongeka.

Chivindikiro

Apa ndi pamene mapeni otsika mtengo amagonjera kwenikweni, ndipo anthu sapaganizira. Chivindikiro chabwino chimakhala ndi kachivindikiro kena mkati kamene kamatsekera nibu m'kachipinda kosalowa mpweya. Pa mapeni ambiri otchipa kamkatiko sikagwira bwino, kapena pamene pamangiriridwa kopanira m'thumba pali kabowo. Madzi a mu inki amauluka, utoto n'kutsala pa nsonga utauma. M'miyezi ya October ndi November, kunja kukuotcha ndipo mpweya uli wouma, peni imene inkapirira sabata yathunthu imauma m'masiku awiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsukani chivindikiro, muchiike pakamwa n'kuuzira. Mpweya ukamatuluka mosavuta cha ku kopanira, mwapeza potulukira. Mukhozanso kuthiramo madzi n'kuona pamene akudonthera. Kabowo kotero mungakatseke ndi kaphula ka kandulo kapena girisi wa silicone, mopaka ndi kamtengo kuchokera kunja. Koma dziwani kuti mabowo ena pa zivindikiro amaikidwa dala, kuti mwana akameza chivindikiro athe kupuma. Peni imene ana a sukulu aziigwira musaitseke mabowo; apatseni ina imene simauma.

Pa nkhani imeneyi palibe peni yotsika mtengo imene ndimaikhulupirira kuposa Platinum Preppy. Kachivindikiro kake kamkati kali pa sipuling'i imene imakakankhira pa pogwirira mukatseka, ndipo kampani yake imati inki imatha chaka osauma. Munthu amene amalemba mwa apo ndi apo, kusaina kalata lero kenako sabata yamawa, agule imeneyo m'malo molimbana ndi peni yachitsulo yooneka bwino koma youma tsiku lililonse.

Kasungidwe nakonso kali ndi mbali yake. Peni ikakhala tsiku lonse m'thumba la malaya nibu itayang'ana kumwamba, inki imabwerera pansi, ndipo imafuna masekondi angapo kuti itsikenso. Pa tebulo igonekeni chopingasa. Musaisiye padzuwa pawindo kapena m'galimoto. Ndipo ngati muli ndi mapeni asanu, thirani inki mwa awiri amene mukulembera, enawo akhale otsuka.

Za kudukiza kwa m'munsi mwa tsamba zija, gwero lake ndi dzanja. Pamene mukulemba mizere yapamwamba, mkono umatsamira m'munsi n'kusiyamo thukuta ndi mafuta odzola, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July pamene timadzola kwambiri. Nibu ikafika pamenepo inki imakana kugwira. Ikani kapepala kena pansi pa dzanja, nkhani yatha. Onaninso kagwiridwe: nibu iyang'ane kumwamba, peni ipendekeke pafupifupi madigiri 45, ndipo isagudubuzike m'zala moti dzino limodzi lokha n'kumakhudza pepala.

Tsopano nibu

Mukafika pano peni ili yotsuka, inki ndi yodziwika, chivindikiro chikutseka, koma vuto likadalipo. Mufunika galasi lokulitsa zinthu ka 10, kapena kamera ya foni yokokera pafupi, ndi kuwala kokwanira. Musakonze chimene simunachione ndi maso.

Yambani ndi mmene nibu yakhalira pa feed. Mng'alu wa nibu ukhale pakatikati pa feed, osapendekera mbali. Yesani kulowetsa kapepala kopyapyala pakati pa nibu ndi nsonga ya feed. Kakalowa mosavuta, pali mpata umene inki singathe kuwoloka. Nthawi zambiri kuzula zonse ziwiri n'kuzibwezera bwino, zitalowa mpaka kumapeto, kumathetsa zimenezi.

Kenako yang'anani nibu chakutsogolo, nsonga italoza diso lanu. Nibu ili ndi mano awiri, ndipo kumapeto kwa dzino lililonse kuli theka la kampira kachitsulo cholimba. Matheka awiriwa ayenera kukhala ofanana msinkhu. Limodzi likatsika, peni imakanda pepala mukamakoka mzere kupita mbali imodzi koma n'kumaterera bwino kupita mbali inayo. Ikani chikhadabo pansi pa dzino lotsikalo, mulikweze pang'ono kupitirira linzake, mulisiye, muyang'anenso. Pang'onopang'ono, kangapo, mpaka afanane. Manibu ambiri amene anthu amawapala poti akukanda amangofuna zimenezi.

Tsopano tukulani nibu yotsuka powala muone mng'alu. Uyenera kuyamba motakasuka pa kabowo ka pakati n'kumanka nuchepa mpaka kunsonga, kumene mano amangotsala pang'ono kukhudzana. Mano akapanikizana kwambiri moti kuwala sikudutsa, inki imavutika kufika kunsonga ndipo peni imalemba pokhapokha mutadinikiza. Peni yabwino imasiya mzere ndi kulemera kwake kokha mukaigwira kumchira n'kuikoka papepala. Kuti mutakase mano, lowetsani kachitsulo kopyapyala ka brass ka mamilimita 0.05 mu mng'alu kuyambira pa kabowo, mukakokere kunsonga. Ngati mulibe, kachidutswa ka filimu yakale ya kamera kamagwira ntchito yomweyo. Lezala ayi, chifukwa amakanda makoma a mng'alu ndipo amatha kugamphula kampira ka kunsonga. Njira ina ndi kugwira mapewa a nibu ndi zikhadabo za zala zazikulu n'kukokera kunja pang'ono kwambiri. Mukatero yang'ananinso ngati mano akadali ofanana, chifukwa amakonda kusuntha.

Vuto losiyana nalo ndi la nibu imene yadinikizidwa mpaka mano kutasuka, mng'alu n'kukhala wotakata kunsonga kuposa kumtunda. Inki imafika pakati n'kuima. Zulani nibuyo, mudutsitse dzino limodzi pansi pa linzake pang'ono, kenako linalo chimodzimodzi, kuti abwerere pamodzi. Imachira, koma kawirikawiri siibwerera mwakale ndithu, n'chifukwa chake peni ya inki sabwereketsa kwa munthu wozolowera kusindikiza makope atatu a risiti ndi bolopeni.

Chomaliza ndi chimene okonda mapeni amachitcha baby's bottom. Ku fakitale akapukuta nsonga mopitirira, m'mphepete mwa mng'alu mumakhala mobulungira kulowa mkati, moti mano amagunda pepala koma inki ili m'kati, siikukhudza. Chizindikiro chake ndi kudumpha chilembo choyamba, makamaka pa mzere wotsika, ndipo chimaonekera kwambiri pa pepala losalala ngati la Rhodia kapena Clairefontaine. Pepala la kope wamba, poti lili ndi timaubweya, limafikira inkiyo n'kubisa vuto. Apa pokha ndi pamene kupala kuli ndi malo. Gwiritsani ntchito micromesh, kansalu kopalira kosalala kwambiri, kumalizira ndi ya nambala 12000, kapena mbali yosalala kwambiri ya chopukutira zikhadabo. Peni ikhale ndi inki, muigwire mmene mumagwirira polemba, mulembe 8 katatu kapena kanayi osadinikiza, kenako muyese papepala. Bwerezani pokhapokha ngati pakufunika. Chitsulo chimene mwapala sichibwereranso, ndipo sandipepala wa akalipentala amatha kampira konse m'kanthawi kochepa.

Kunena zoona, pa peni yotchipa kusintha nibu nthawi zambiri n'kwanzeru kuposa kupala. Jinhao x450, x750 ndi 159 zimalandira manibu a saizi 6, amene amagulitsidwa paokha. Manibu a Pilot Kakuno, Metropolitan, Prera ndi Plumix amasinthana. Ya Lamy Safari imangovulidwa: matani selotepi pamwamba pake n'kukoka.

Mavuto obwera ndi kusintha peni

Amene amakonda kusintha mapeni amakumana ndi mavuto awoawo. Kusandutsa thunthu lonse la Preppy kukhala mosungira inki n'kosangalatsa, chifukwa limatenga inki yochuluka kuposa katiriji. Pamafunika kamphira kozungulira ka O-ring ndi girisi wa silicone weniweni pa mazinga omangira thunthu. Vaseline ayi, amawononga mphira. Thunthu likhale la pulasitiki yokhayokha, lopanda bowo kapena chitsulo mkati. Vuto lake ndi losemphana ndi kuuma: inki ikatsika, mpweya wa m'thunthu umachuluka, kutentha kwa dzanja kumaufutukula, ndipo peni imalavula dontho lalikulu pakati pa tsamba. Onjezerani inki isanatsike kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo m'mawa kozizira yambani mwaifumbata m'manja nibu ili m'mwamba kwa kanthawi.

Ena amaika nibu ya Zebra G, imene mano ake amatambasuka mukadinikiza, mu Jinhao x750 kuti azilemba zilembo zonenepa ndi zowonda. Ikatambasuka kwambiri mumaona mizere iwiri yopyapyala pakati popanda inki, chifukwa feed ya pulasitiki siingathe kutumiza inki yokwanira pa liwiro limenelo. Lembani pang'onopang'ono, sankhani inki yoyenda msanga, ndipo ngati mukulitsa kangalande ka feed, chitani pa feed yapadera. Nibu imeneyi inapangidwira kuviika m'botolo, choncho ikakhalitsa mu inki imachita dzimbiri ndipo imafuna kusinthidwa.

Ngati mwadutsa monsemu koma peni ikumauma lero, mawa n'kudontha, zala n'kumada inki pogwirira, yang'anani ndi galasi lija pa pulasitiki yozungulira nibu ndi pa kamlomo kamene katiriji imasomekedwapo. Kamng'alu kochepa ngati tsitsi pamenepo kamalowetsa mpweya mosalamulirika, ndipo guluu sakhalitsa pamalo ponyowa inki nthawi zonse. Peni yotero isiyeni. Zulani nibu, feed ndi converter, muzitsuke, muzisunge m'kabotolo. Nibuyo ndiyo muphunzirirepo kukweza mano ndi kupala musanakhudze ya peni imene mumaikonda.